Kufufuza Chimene Chaimitsa Mota ya Chigayo cha Magetsi

M'malo ochitira malonda a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, monga Kasiya, Nsaru, Kabudula, Namitete ndi Mpingu, makina aakulu a magetsi amene munthu wamba amakumana nawo kawirikawiri ndi chigayo, ndipo chigayocho chikaima mbiri imawanda msanga, pakuti amayi amene abwera ndi chimanga pamutu kapena pa njinga amayenera kusankha pakati pa kudikira ndi kupitiriza ulendo kukafuna chigayo china. Akafunsa chimene chavuta, yankho limene amalandira mofulumira ndi lakuti mota yapsa. Nthawi zina yankholi limakhala loona, koma kawirikawiri mota siipsa mwadzidzidzi monga mmene eni chigayo ambiri amaganizira, chifukwa kupsako kumadza kumapeto kwa zovuta zina zimene zinayamba kale, ndipo makinawo amakhala atachenjezapo kangapo mwa kuzima okha, kulira mwachilendo kapena kutentha kopitirira. Mfundo yaikulu pa ntchito yofufuza vuto la makina ndi yakuti chizindikiro chimene makina aonetsa chimanena malo pamene vuto lamvekera, osati pamene layambira, kotero kuti mmisiri amene amakonza chizindikirocho osafuna gwero lake amangochedwetsa kuonongeka kwakukulu.

Mfundo imeneyi imaoneka bwino pa makina amakono amene amalemba nambala ya vuto pa kagalasi kawo. Kampani ya Fisher & Paykel ya ku New Zealand imapanga makina otsukira mbale amene amakokedwa ngati dilowa ya kabati, ndipo mkati mwake muli timamota timene timatsitsa chivindikiro kuti madzi asatuluke pamene kutsuka kwayamba. Kamota kamodzi kakafooka, kapena mbale yaitali ikatchinga chivindikirocho, madzi amadontha n'kufika pansi pomwe pali kachipangizo komva chinyezi, ndipo makinawo amalemba F1, kusonyeza kuti madzi asefukira. Nambalayo siinama, pakuti madzi alidi pansi, koma amene angapukute madziwo n'kuyatsanso makina, kapena kugula kachipangizo kena komva chinyezi, adzapeza vutolo labwereranso, chifukwa cholakwa chili pa chivindikiro. Makina otere sapezeka m'nyumba za ku Kasiya, kumene mbale zimatsukidwa pamanja n'kuyanikidwa pa thandala, koma chigayo cha magetsi chili ndi khalidwe lomweli, kungoti chizindikiro chake si nambala ayi: ndi kabatani kofiira kamene kamatuluka m'bokosi la sitata.

Zigayo zambiri za m'derali zinkayendera injini za dizilo, ndipo za magetsi zachuluka potsatira mawaya amene afika m'misika ya kumidzi kudzera mu ndondomeko ya MAREP, imene inayamba mu 1980 ndipo masiku ano imathandizidwa ndi ndalama zodulidwa pa mtengo wa mafuta a galimoto. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'Malawi ndiwo ankaunikira magetsi, motero pamsika wakumudzi chigayo chimakhala pakati pa ogula magetsi aakulu kwambiri pa thiransifoma, imene ndi chipangizo chotsitsa mphamvu ya mawaya akuluakulu, ya mavolti 11,000 kapena 33,000, kuti ifike pa mlingo wogwiritsa ntchito. Kuchokera pa thiransifomayo pamatuluka mawaya atatu amoto, otchedwa mafezi, ndi waya wachinayi wobwezera. Pakati pa fezi imodzi ndi waya wobwezerayo pali mavolti 230, amene amalowa m'nyumba ndi m'maokala, pamene pakati pa fezi ndi fezi inzake pali mavolti 400, ndipo mota ya chigayo imafuna mafezi onse atatu pa nthawi imodzi, ali ndi mphamvu yofanana.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka motayo. Mtundu umene umayendetsa zigayo unachokera ku ntchito ya Nikola Tesla, amene analembetsa luso lake mu 1888, ndi ya Mikhail Dolivo-Dobrovolsky, amene anapanga mota ya mafezi atatu ku Germany mu 1889. M'chigoba cha mota muli mikulungo itatu ya waya wa kopa wopakidwa vanishi, ndipo magetsi a mafezi atatu akamadutsa mosinthana m'mikulungoyo amabala mphamvu ya maginito yozungulira, imene imakoka chitsulo chapakati kuti chizungulire nayo limodzi. Popeza magetsi a m'Malawi amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, mota ya mitu inayi ya maginito imazungulira pafupifupi maulendo 1,450 pa mphindi, ndipo ya mitu iwiri imayandikira 2,900. Chinthu chofunika kuchimvetsa ndi chakuti mota yotere siikana katundu: ikalemedwa imangochedwa pang'ono n'kuyamba kukoka magetsi ochuluka, ndipo magetsi ochulukawo amatenthetsa kopa mpaka vanishi amene amalekanitsa waya ndi waya mnzake apserere. Amisiri a zamagetsi amawerengera kuti kutentha kukamapitirira mlingo ndi madigiri 10, moyo wa vanishiyo umafupika ndi theka, kotero kuti mota imene yapsa lero ikhoza kukhala itayamba kuonongeka miyezi yambiri yapitayo.

Pa chigoba cha mota iliyonse pamakhala kachitsulo kolembedwa mphamvu yake m'makilowati kapena m'mahosipawa, mavolti, liwiro lake, ndiponso maampere amene imayenera kukoka ikamagwira ntchito yodzaza. Mota ya makilowati 15, imene anthu amaitchula kuti ya mahosipawa 20, imakoka maampere pafupifupi 29 pa mavolti 400. Nambala imeneyi ndiyo muyeso wa kufufuza konse, ndipo n'zodandaulitsa kuti m'zigayo zambiri kachitsuloko kamakhala katakwiririka ndi ufa kapena utoto, mwinanso kanatayika pamene motayo inapita kokakonzedwa.

Pakati pa mawaya a ESCOM ndi mota pali bokosi la sitata, lomwe lili ndi zida ziwiri zofunika. Choyamba ndi contactor, imene ndi swichi yokokedwa ndi maginito, yolumikiza mafezi atatu pamodzi munthu akadina batani lobiriwira, ndipo imamasuka yokha magetsi akathima kuti chigayo chisadzuke chokha akabweranso. Chachiwiri ndi overload, chida chotetezera mota, chimene mkati mwake muli timizere ta zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi, timene timapindika tikatentha. Magetsi opita ku mota akapitirira mlingo woikidwa kwa nthawi ndithu, timizereto timapindika n'kudula contactor, ndipo mota imaima. Chidachi sichidziwa ngati magetsi achuluka chifukwa cha mphale wonyowa, bering'i yolimba, fezi yosowa kapena waya womasuka. Chimangodziwa kuti achuluka. Zigayo zazikulu zimadzutsidwa mwa njira ya star-delta, imene imayamba kupatsa mkulungo uliwonse mavolti 230 okha kwa masekondi ochepa, kenako n'kusintha kulumikiza kwake kuti ulandire 400. Amatero chifukwa mota yodzutsidwa mwachindunji imakoka magetsi ochuluka kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira poyerekeza ndi a nthawi zonse, pamene njira ya star-delta imatsitsa magetsi odzutsirawo kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. M'mabokosi ambiri a mtundu umenewu overload imakhala pa mawaya a mikulungo, ndiye iyenera kuikidwa pa magawo 58 pa 100 a nambala yolembedwa pa mota, kutanthauza maampere pafupifupi 17 pa mota ya 29 ija. Mmisiri amene angaiike pa 29 chifukwa choti ndi nambala imene waiwerenga pa kachitsulo wasiya motayo yopanda chitetezo chenicheni, ngakhale chidacho chikuoneka kuti chilipo.

Kufufuza kwabwino kumayamba ndi mafunso, zida zisanatuluke m'thumba, ndipo woyenera kufunsidwa ndi amene amagaya tsiku ndi tsiku, osati mwini chigayo amene mwina amangobwera madzulo kudzawerengera ndalama. Nthawi imene motayo imazimira imanena zambiri. Ngati batani likadinidwa palibe chimene chikumveka, vuto limakhala pa magetsi olowa, pa mabatani, pa koyilo ya contactor, kapena overload sinabwezeretsedwe. Ngati mota ikungong'ung'udza osazungulira, ndiye kuti fezi imodzi palibe kapena chigayo chagwidwa ndi chinthu mkati. Ngati ikudzuka bwino koma n'kuzima pa nthawi yosintha kuchoka pa star kupita pa delta, chikaiko chimagwera pa contactor ya delta, pa kawotchi kosinthira kamene kafulumira mota isanafike pa liwiro, kapena pa mawaya asanu ndi mmodzi a mota amene anasokonezedwa polumikiza. Ngati ikuyenda theka la ola kapena ola lathunthu kenako n'kuzima, vuto ndi la kutentha kodza pang'onopang'ono, ndipo ngati kuzimako kumachitika madzulo okhaokha, pamene nyumba ndi maokala ayatsa magetsi, maso ayenera kuyang'ana kunja kwa chigayo. Asanakhudze chilichonse mkati, mmisiri amayenera kuzimitsa swichi yaikulu, kuikhoma kapena kuikapo munthu woilondera, ndi kutsimikiza ndi mita kuti moto palibedi, pakuti mavolti 400 amapha, ndiponso lamba amene wadzuka mwadzidzidzi amadula zala.

Magetsi olowa ndiwo oyamba kuyesedwa, ndipo vuto loopsa kwambiri pamenepa ndi kusowa kwa fezi imodzi. Fyuzi imodzi ikapsa pa thiransifoma kapena pa bokosi la mita, kapena waya mmodzi akaduka ndi mphepo ndi nthambi za mitengo m'nyengo ya dzinja, mafezi awiri amatsala amoyo, kotero kuti babu la m'chigayo likhoza kumayaka bwinobwino ngati lili pa fezi yotsalayo, ndipo aliyense amakhulupirira kuti magetsi alipo. Mota imene ili chiimire siingadzuke pa mafezi awiri, koma imene inali kale pa liwiro imapitiriza kuzungulira, ikulira mokulirapo ndi kukoka magetsi ochuluka kwambiri pa mawaya otsalawo, ndipo ngati overload siigwira ntchito, mphindi zowerengeka zimakwana kuti utsi uyambe kutuluka. Chizindikiro chimodzi chimene sichifuna mita ndi chakuti pamsika pomwepo maokala ena amakhala ali ndi magetsi pamene ena alibe, chifukwa nyumba zimagawidwa pa mafezi osiyanasiyana.

Chovuta kuchizindikira ndi pamene mafezi onse alipo koma sakufanana. Mmisiri amayesa mavolti pakati pa fezi iliyonse ndi inzake, maulendo atatu, ndipo amayenera kuyesa chigayo chikugaya, chifukwa malo olumikizira omasuka amaonetsa mavolti abwino pamene palibe katundu. Mwachitsanzo, mita ikaonetsa 400, 398 ndi 372, pakatikati pake ndi 390, ndipo yotsikitsitsayo yapatuka ndi mavolti 18, amene ndi pafupifupi 4.6 pa 100. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma lamulo limene amisiri amagwiritsa ntchito limati kutentha kwa mikulungo kumakwera ndi nambalayo itachulukitsidwa ndi iyo yomwe kenako kawiri, ndiye kuti pa chitsanzochi kutentha kumaonjezeka ndi pafupifupi 42 pa 100. Bungwe la opanga zida zamagetsi la ku America lotchedwa NEMA limalangiza kuti mota isayendetsedwe konse kusiyanako kukapitirira 5 pa 100. Kusafanana kotere kumabwera pamene nyumba zambiri zaunjikidwa pa fezi imodzi, kapena pamene wowotcherera zitsulo wapafupi akukoka magetsi ambiri pa fezi imodziyo. Palinso kufooka kwa mafezi onse pamodzi, kumene kumavuta zigayo zomangidwa kutali ndi thiransifoma kapena zolumikizidwa ndi waya wowonda: mavolti akatsika kuchoka pa 400 kufika pa 360, mphamvu yopotokola ya mota imatsika ndi pafupifupi 19 pa 100, ndipo kuti igaye chimanga chomwecho imakoka maampere ambiri.

Kuthimathima kwa magetsi kumaonjezera mavuto ena amene sachokera m'mawaya okha. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pansi pa kampani ya EGENCO imene inapatukana ndi ESCOM mu Januwale 2017, ndipo namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati 129.6 anachoka pa nthawi imodzi mpaka mu 2023. M'nyengo zotere magetsi akabwera, pachigayo pamakhala patadzaza anthu amene adikira maola ambiri, ndipo wogaya amathira chimanga mothamanga kuti amalize mzere asanathimenso, motero mota imagwira ntchito yopitirira mphamvu yake popanda kupuma. Magetsi akathima chigayo chili mkati mogaya, chimanga chimatsalira m'mimba mwake, ndipo kuchidzutsa osayamba wachotsa chimangacho kumalemetsa mota pa nthawi imene ili pa star, pomwe mphamvu yake ndi yochepa. Zimachitikanso kuti pambuyo pa kukonza mawaya a panja kapena kuika thiransifoma ina m'malo mwa yoonongeka kapena yobedwa, mafezi awiri amasinthana malo, ndipo mota imazungulira chobwerera; chigayo chimalira ngati chikugwira ntchito koma ufa sutuluka bwino, ndipo mankhwala ake ndi kungosinthanitsa mawaya awiri, ntchito ya mphindi zochepa imene anthu ena amafika poigulira sefa yatsopano.

Magetsi akapezeka kuti ali bwino, njira yachidule yolekanitsira vuto la mota ndi la chigayo ndi kuchotsa malamba. Shafuti ya mota ndi ya chigayo zimazunguzidwa ndi dzanja, iliyonse payokha, kuti zimveke ngati zikuyenda mosalala kapena zikukhulana, kenako mota imayatsidwa yopanda katundu. Mota yabwino yopanda katundu imakoka kawirikawiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a maampere ake, mofanana pa mawaya onse atatu, zimene zimayesedwa ndi mita yopanira pa waya popanda kumudula. Ikatero, mlandu uli ku chigayo, ndipo kumeneko zifukwa n'zambiri. Ufa woyera umene mabanja a m'chigawo chapakati amaukonda umachokera ku mphale, chimanga chokonola chimene chimaviikidwa m'madzi masiku angapo n'kuyanikidwa, ndipo mphale amene sanaume bwino amamata timabowo ta sefa, kotero kuti ufa umazungulira mkati osatuluka, ukutentha ndi kulemetsa mota. Vuto lomweli limabwera ndi chimanga chatsopano cha mu Epulo ndi Meyi chimene chathyoledwa chisanaumitsitse. Mahamala, zitsulo zimene zimaphwanya chimanga, akatha m'makona amayamba kuchikhula m'malo mochimenya, ndipo ndowa imodzi imatenga nthawi yaitali ndi magetsi ambiri. Ambiri mwa iwo amatheka kutembenuzidwa kuti kona ina igwire ntchito, koma ayenera kutembenuzidwa kapena kusinthidwa onse pamodzi, chifukwa akasiyana kulemera chigayo chimanjenjemera n'kupha mabering'i. Mwala, msomali kapena bawuti yolowa pamodzi ndi chimanga imang'amba sefa kapena kugwira mahamala, ndipo maginito oikidwa pakhomo polowera chimanga amachepetsa ngozi ya zitsulo, ngakhale kuti sagwira miyala.

Malamba ndi mapule nawonso amanamiza anthu. Lamba womasuka amaterereka, amalira ndi kutentha, ndipo chigayo chimataya liwiro, pamene womangitsitsa amakoka shafuti cham'mbali n'kudya bering'i ya kutsogolo kwa mota. Mwini chigayo wina, pofuna kuti chizigaya msanga, amaika pule yaikulu ku mota, osazindikira kuti liwiro loonjezekalo limafuna mphamvu imene motayo ilibe. Bering'i yomwe yayamba kutha imadziwika ndi kulira kwachilendo ndi kutentha pamalo amodzi, ndipo girizi wochuluka kwambiri amaitenthetsa monga mmene amachitira wochepa. Ikatheratu, chitsulo chapakati chimatsika n'kukhula mikulungo, ndipo vuto limene likanatha ndi bering'i imodzi limasanduka la mota yonse.

Pali mota zina zimene zimatentha ngakhale maampere ake ali pa mlingo woyenera, ndipo pamenepa overload siingathandize chifukwa imamva magetsi okha, siimva kutentha kwa chigoba. Mota imadziziziritsa ndi fani ya kumbuyo kwake, imene imakankha mpweya m'mizere ya pa chigoba, koma m'nyumba ya chigayo ufa wouluka umakhala pa mizereyo n'kuuma ngati chikhokho cha mumphika, ndipo umatsekanso mabowo a chivindikiro cha faniyo. M'mwezi wa Okutobala, pansi pa malata otsika ndi mazenera aang'ono, mota yotere imapsa overload isanadule n'komwe. Kuipukuta ndi burashi youma kumapeto kwa tsiku sikufuna ndalama, koma ndi ntchito imene imaiwalika kwambiri. Ufa womwewo umalowanso m'bokosi la sitata ngati chitseko chake sichitsekeka, n'kukhala pa timano ta contactor, ndipo dzino limodzi likapsa kapena kuleka kugunda bwino, mota imasowa fezi ngakhale kuti mafezi onse afika pakhomo. Kunjenjemera kwa chigayo kumamasula timabawuti togwira mawaya, ndipo malo omasukawo amatentha, n'kudetsa pulasitiki wapafupi. Ngati ali pa overload penipeni, kutenthako kumaipindiza ngakhale mota ili bwino. Makoswe odya chikopa cha mawaya, abuluzi ndi mavu omanga zisa m'bokosi ndi alendo odziwika m'nyumba iliyonse yosungamo ufa.

Mota yeniyeniyo imayesedwa pomaliza, itachotsedwa mawaya onse. Mikulungo itatu ija iyenera kuonetsa kukana magetsi kofanana pa mita, ndipo pakati pa mkulungo uliwonse ndi chigoba pamayesedwa ndi chida chotchedwa megger, chimene chimatumiza mavolti 500 kuti chione ngati vanishi akutchingabe. Chikaonetsa pansi pa megohm imodzi, motayo siiyenera kuyatsidwa. Nthawi zina chotsitsa nambalayo ndi chinyezi chabe, makamaka pa mota imene yakhala osayenda m'nyengo ya mvula pansi pa denga lodontha, ndipo ikaumitsidwa bwino imachira. Ngati yapsadi, mmene yapserera ndi umboni umene suyenera kutayidwa. Mikulungo yonse itatu ikada mofanana, motayo inalemedwa kapena inasowa mpweya; ikapsa mkulungo umodzi wokha pa mota yolumikizidwa mwa delta, ina iwiri ili yoyera, inayenda yopanda fezi imodzi; pakapezeka bala pamalo amodzi, ena onse ali bwino, ndiye kuti vanishi anabooka pamenepo, mwina chifukwa cha mphenzi kapena kukhulana kwa mawaya. Amisiri amene amakulunganso mawaya atsopano, ntchito yotchedwa rewinding, ambiri ali mumzinda wa Lilongwe, ndipo mwini chigayo amene wanyamula mota kuchokera ku Kasiya kapena ku Kabudula kupita nayo kumeneko ayenera kupempha kuti aione mkati isanaphwasulidwe, chifukwa akabwerera nayo osadziwa chimene chinaipha, adzaiika pa vuto lomwe lija. Ayeneranso kufunsa ngati waya watsopanoyo ndi wa kukula kofanana ndi wakale ndiponso ngati vanishi waumitsidwa mu uvuni, pakuti mota yokulungidwa ndi waya wowonda imatentha msanga ngakhale pa katundu woyenera.

Chizolowezi chimene chimapha mota zambiri kuposa mphenzi ndi cha kuthana ndi overload m'malo mothana ndi chimene chikuidula. Zimayamba ndi kudina kabatani kofiira mobwerezabwereza, timizere tija tisanazizire n'komwe, pamene kudzutsa kulikonse kumathira kutentha kwina m'mikulungo yotentha kale. Kenako wina amapotokola kagudumu ka overload kufika pa nambala yapamwamba, ndipo pomaliza chidacho chimalumphidwa ndi waya, kapena contactor imapanikizidwa ndi kamtengo, kapenanso fyuzi yopsa imalowedwa m'malo ndi waya wochindikala. Amene amachita izi si opusa ayi: pakhomo pamakhala mzere wa anthu, ena akufuna ufa wa pamaliro kapena wa paukwati, mmisiri ali kutali, ndipo tsiku lopanda kugaya ndi tsiku lopanda ndalama. Komabe kuwerengera kwake n'kolakwika, chifukwa kuima kwa maola awiri kofufuza vuto kumasinthanitsidwa ndi kuima kwa masabata, kuphatikizapo mtengo wa kopa, wa mmisiri ndi wa galimoto yonyamula mota, osanenapo za ngozi ya moto m'nyumba yodzaza ufa wouma ndi matumba.

Makina olemba nambala za vuto afikanso m'derali kudzera m'mapampu a madzi oyendera mphamvu ya dzuwa, amene akuikidwa pa zitsime za masukulu, zipatala ndi madimba. Bokosi loyendetsa pampu yotere limaonetsa nyali kapena nambala yonena kuti chitsime chauma, thanki yadzaza, dzuwa lachepa kapena mota yalemedwa, ndipo tanthauzo la nambala iliyonse limasiyana malinga ndi kampani, kotero kuti kabuku kobwera ndi pampuyo kayenera kusungidwa pamalo odziwika ndi komiti ya madzi. Kawerengedwe kake n'komwe kaja. Chizindikiro cha chitsime chouma chikhoza kukhala choona mu Okutobala ndi Novembala pamene madzi a pansi atsika, koma chikhozanso kudza chifukwa waya wa kachipangizo komva madzi waduka. Cha thanki yodzaza chingachokere ku kaswichi koyandama kamene kakodwa. Cha mota yolemedwa kawirikawiri chimatanthauza mchenga umene walowa m'pampu. Ndipo cha dzuwa lochepa masana owala chimaloza ku fumbi la pa mapanelo, mthunzi wa mtengo umene wakula, kapena cholumikizira chomasuka.

Luso lofunika pa zonsezi si lachilendo m'dziko muno. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji monga Namitete Technical College, imene ili m'dera lomweli, ndi Lilongwe Technical College, kumene kumaphunzitsidwa ntchito ya magetsi, ndipo bungwe la MERA limapereka ziphaso kwa amisiri oika magetsi, zimene mwini chigayo ali ndi ufulu wopempha kuti aone. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi zida zazing'ono pa chigayo penipeni. Mita yoonetsa maampere, yoikidwa poonekera kwa wogaya n'kulembedwa mzere pa nambala ya mota, imamuuza nthawi yochepetsa chimanga overload isanadule. Chida chotchedwa phase failure relay chimaletsa contactor kugwira ngati fezi imodzi yasowa, yafooka kapena yasinthana ndi inzake, ndipo chimagulidwa m'masitolo a zida zamagetsi mumzinda pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi wokulunganso mota. Kope lolembamo tsiku, ola ndi chimene chinkagayidwa pamene chigayo chinazima limathandiza mmisiri kuona ngati vutolo limatsata madzulo, mphale wonyowa kapena masiku otentha. Mwini chigayo amene mota yake yapsa kawiri m'chaka chimodzi sayenera kugula ina kapena kuikulungitsanso asanayesetse mavolti a mafezi onse atatu chigayo chikugaya, ndiponso asanatsimikize kuti overload yake ikugwira ntchito ndipo yaikidwa pa nambala yoyenera.